A Zalakhumi ndi Batani la Muvi

Ine ndine telala, ndipo kwa zaka zambiri ndinkagwira ntchito m'chipinda chimodzi ndi mayi amene msewu wonse unkawatcha a Zalakhumi. Chipindacho tinachidula pakati ndi katani imene ndinasoka ndekha. Mbali yanga kunali mashini osokera ndi milu ya nsalu. Mbali yawo kunali tebulo, pulinta, ndi kompyuta yakale ya chibokosi chachikulu imene inkalira ngati firiji ikamayaka. Ankataipira anthu makalata ofunsira ntchito, makhadi a ukwati ndi mapepala a ndondomeko ya maliro.

Dzinalo analipata chifukwa ankataipa ndi zala zonse khumi, maso ali kwa kasitomala, akumufunsa za ana kunyumba. Ntchitoyi anaiphunzira ali mtsikana, nthawi ya mataipi achitsulo aja, ndipo anyamata a kumunsi kwa msewu otaipa ndi zala ziwiri ankawanena kuti amajompha ngati nkhuku. Amuna awo atamwalira, zala zomwezo ndi zimene zinaphunzitsa ana awiri. Wamkazi anakhala nesi. Wamwamuna anapeza ntchito ya zamagetsi kutali, ndipo mayi ake sankamutchula dzina lina koma “injiniya wanga”.

Anali munthu wovuta, zimenezo sindingabise. Akapeza kaulusi kanga kumbali yawo ankakatola, n'kudzakaika pa mashini anga osanena kanthu. Ine ndinkabwezera poyatsa wailesi. Tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse, koma tiyi tinkamwera m'fulasiki imodzi.

Chaka china anadwala sitiroko. Inali yaing'ono, anachira, kungoti dzanja lamanja linatsala lolemerako pang'ono. Kuchokera pamenepo nesi uja anayamba nyimbo yake yoti amayi atseke shopu azikakhala kwa iye. Iwo ankayankha kuti tsiku limene zala zidzawakane adzatseka okha, palibe adzachite kuwauza. Anabwerera pa tebulo lawo n'kumataipa monga kale. Mwina liwiro linachepako, koma ine amene ndinkamva kuseri kwa katani sindinkasiyanitsa.

Chimene chinakalamba kwenikweni inali kompyuta. Makasitomala anayamba kufuna kuti makalata awo azitumizidwa pa intaneti, koma makinawo akafika pamenepo ankangokana. Mwana wamwamuna uja atabwera patchuthi anati vuto ndi sisitimu, ndiye kuti pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse, ndipo inafunika kusintha. Mayi ake anakana kwa mtu wa galu. M'sisitimu yakaleyo ndi mmene munali makhadi awo onse, a nkhunda ndi a maluwa m'mphepete, amene anawakonza okha kwa zaka. Mnyamatayo anati basi yakaleyo aisiya, angoikamo yachiwiri pambali pake, zizikhala ziwiri m'bokosi limodzi. Ine ndinati ndiye kuti kompyuta yalowa mitala, tione ngati mkazi wamkulu alole. A Zalakhumi anaseka mpaka kutsokomola.

Mkazi wamkuluyo sanalole msanga. Mnyamatayo anabaya fulashi imene munali sisitimu yatsopanoyo, makina osaiona n'komwe. Anapita kukakopera sisitimuyo pa chimbale, koma atabwera kathireyi kolowetsera chimbale kanakana kutuluka, mpaka anachita kundipempha phini n'kutokosa pa kabowo. Chimbale chitalowa, ntchito inayenda n'kuima pakati, chibokosi chitatentha. Atachitsegula anapeza chadzaza fumbi ndi timanyenyeswa ta nsalu. A Zalakhumi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga. Anapukuta, anayambiranso, anatuluka thukuta, ndipo dzuwa litapendeka zinatheka.

Anatiitana tonse kuti tione. Kompyuta ikayaka, pa sikirini yakuda pankabwera mizere iwiri, ndipo pansi pake manambala ankawerenga chobwerera m'mbuyo. Mzere wapamwamba unali sisitimu yatsopano, wapansi yakale. Ukangokhala, manambala akatha, inkalowa yokha m'yatsopano. Ukafuna yakale unayenera kudina batani la muvi woloza pansi nthawi isanathe. Iye anadina, zinatheka. Mayi ake anadina, zinathekanso, ndipo anati zimenezi ndi zamasewera. Pulinta yokha ndi imene inakana kumvana ndi sisitimu yatsopano, koma mnyamatayo anati zilibe kanthu, zosindikiza azichitira m'yakale, adzakonza akadzabweranso.

Atazimitsa zonse, anatulutsa m'chikwama kiyibodi yatsopano, yakuda, yopyapyala, imene anawagulira ngati mphatso. Yakale ija inali yachikasu ndi ukalamba, zilembo zitafufutika, pulagi yake yozungulira. Anaizula n'kulumikiza yatsopanoyo. A Zalakhumi anaisisita ngati mwana wakhanda, n'kunena kuti kuyambira lero aziwatcha bwana. Yakaleyo anaiponya m'katoni yanga ya zidutswa za nsalu. Mnyamatayo anathamangira basi, poti tchuthi chinali chitatha.

Mawa lake ndinamva kompyuta ikuyaka, kenako ikuzima, kenako ikuyakanso. Nditasuzumira ndinapeza a Zalakhumi ali dwii pa sikirini. Anati akudina muvi koma mzere sukusuntha, manambala akutha, makina akulowa kwa mkazi wamng'ono. Mmenemo kiyibodi inkalemba bwinobwino, koma makhadi awo akawatsegula nkhunda zinkathawira pakati pa mawu, ndipo pulinta inali zii. Anandiuza kuti ndiyese. Ndinadina, osatheka. Anati iwo sakudabwa, zala za singano zingadziwe chiyani.

Anamuimbira mwana wawo. Iye anawauza kuti asinthe bowo lolumikizira chingwe, anasintha. Anati ayambe kudina mizere isanabwere, anachita. Anati agwire batani osalisiya, anagwira mpaka chala kuyera. Foni inali yokweza mawu, ndiye ndinamva zonse. Pamapeto pake mnyamatayo anapumira m'mwamba.

“Amayi, dzulo lomweli munadina nokha zinatheka, ine ndikuona. Makina sanasinthe. Mwina mukungochedwa pang'ono.”

Sanalankhule mwamwano, ndipo ndikudziwa kuti sankafuna kuwapweteka. Koma ndinaona mayi aja akutsitsa maso n'kuyang'ana dzanja lawo lamanja. Anati chabwino mwanawe, ayesanso, n'kudula foni.

Ndinawauza kuti tiitane munthu wokonza makompyuta adzaone. Anakana. Anati makina alibe vuto, anaona ndi maso awo akugwira ntchito, ndipo sangalole kuti mlendo adzaime pambali pawo kumawerenga mmene chala chawo chikuchedwera. Ndinapsa mtima, ndinawauza kuti matama adzawapha. Anati bola matama kusiyana ndi kumveredwa chisoni.

Anayamba kufika m'mamawa ine ndisanafike. Ndikamatsegula chitseko ndinkamva chibokosi chikulira, kenako batani likugogoda msangamsanga, kenako bata. Masana ankatenga mpukutu wanga wa ulusi n'kumaufinya m'dzanja, ati akulimbitsa minyewa. Nthawi zina ankagogoda tebulo ndi chala chimodzi akuwerenga chamumtima. Makalata wamba ankataipa m'sisitimu yatsopano n'kukasindikizitsa kwina, akuyenda wapansi ndi fulashi m'manja, koma a makhadi ankawabweza ndi bodza loti inki yatha. Zinkandiwawa kwambiri. Munthu amene sankanama ngakhale pa zazing'ono anayamba kunama tsiku ndi tsiku, ndipo ankadziwa kuti ine ndikumva.

Nesi atamva anawatengera kuchipatala. Adokotala sanapeze chachilendo, anangoti pa msinkhu umenewu, komanso pambuyo pa sitiroko, diso limatha kuona koma dzanja n'kuchedwa kuyankha. Mawuwo anali oona kwa anthu ambiri, ndiye palibe anatsutsa. Nesi anayambiranso nyimbo yake ija, ulendo uno motsitsa mawu, ndipo mayi ake sankayankhanso.

Tsiku lina kunabwera bambo wina maso ali ofiira. Mkazi wake anali atamwalira, ndipo ankafuna mapepala a ndondomeko ya maliro, a nkhunda omwe aja, poti khadi la ukwati wawo linataipidwanso ndi a Zalakhumi. Anamukhazika pampando, anayatsa kompyuta, anadina. Anazimitsa, anayatsanso, anadina ndi dzanja lamanzere. Bamboyo ankangoyang'ana pansi. Kenako ndinamva akumulozera njira ya kwa anyamata ojompha aja, akumuuza kuti akawauze asalakwitse dzina la malemu. Bamboyo atatuluka, a Zalakhumi anaimbira nesi kuti abwere ndi galimoto Loweruka.

Polongedza sanatenge zambiri. Ananyamula fulasiki, khushoni ya pampando ndi kiyibodi yatsopano ija, imene anaibwezera m'bokosi lake poti inali mphatso ya mwana. Kompyuta ndi pulinta anandisiyira kuti ndikapeza wofuna ndigulitse. Ndinali wokwiya, koma ndinasowa womukwiyira. Anawo ankawakonda mayi awo, aliyense m'njira yake. Potsanzikana anandiuza kuti tsopano ndizimwaza ulusi mmene ndingafunire.

Makinawo anakhala pakona miyezi yambiri, nditawafunditsa nsalu. Sindinkafuna kuwagulitsa, komanso sindinkafuna kuwaona. Kenako kunabwera bambo wina wokonza mawailesi ndi makompyuta, amene ankagula zakale kuti azichotsamo zipangizo. Anafuna ayatse kaye aone, ndipo anafunsa kiyibodi. Ndinakumbukira yachikasu ija, ndinaifukula pansi pa zidutswa, iye anailumikiza.

Mizere iwiri ija itabwera ndinayamba kumuchenjeza kuti pamenepo pamafunika chala chachangu. Iye anali akundifunsa za mtengo wosokera thalauza, ndipo anangotambasula chala chimodzi mwaulesi n'kudina. Mzere unatsika. Sisitimu yakale inatseguka, ndipo makhadi onse anali momwemo.

Ndinamuuza kuti azimitse ayambirenso. Ulendo uno ndinadina ine, mochedwa dala, ndipo unatsikanso. Nditamufotokozera nkhani yonse anapukusa mutu. Anati makompyuta ena akale akamangodzuka kumene samva makiyibodi amakono a pulagi yafulati, amadzawamva sisitimu ikatha kutseguka. Pa mizere ija amamva ya pulagi yozungulira yokha, pokhapokha munthu atalowa m'kati n'kusintha penapake. Anati ngakhale wina akanadina ndi nyundo, sizikanatheka. Ndinamuuza kuti sindikugulitsanso, ndipo atapita ndinakhala pampando wawo uja n'kulira.

Lamlungu ndinakwera basi kupita kwa nesi. A Zalakhumi ndinawapeza m'chipinda chakumbuyo, chaudongo, cha bedi labwino, windo lake loyang'ana kumpanda. Anali atanenepako, koma nkhope inali itagwa. Dzanja lamanja linali pamiyendo, zala zitapindikira m'kati. Nesi anali atandinong'oneza pakhomo kuti chibwerere salola kuchita masewera olimbitsa dzanja, amati n'kutaya nthawi, ndiye laumiratu.

Nesi atapita kukatereka tiyi ndinawauza zonse, kuyambira pa katoni ya zidutswa mpaka pa mawu a wokonza mawailesi. Anamvetsera osandidula, chinthu chimene sanachitepo chiyambire.

“Ndiye kuti sindinali ine?”

“Simunali inu, achemwali. Inali kiyibodi.”

“Tanenaninso.”

Ndinanenanso. Ndinawauza kuti tebulo lilipo, makina alipo, katani sindinachotse, atha kubwerera ngakhale mawa. Anaika manja onse awiri pa maondo, n'kuwayala mmene munthu amayalira pa kiyibodi. Zala za kumanzere zinayenda. Kumanja chala chachikulu ndi cholozera zinagwedezeka pang'ono, zitatu zinazo zinangokhala. Anayesanso, milomo ataluma, koma zala zitatuzo sizinasunthe.

“Nthawi ijayi sindinali ine,” anatero. “Koma panopa ndine.”

Ndinagwira dzanjalo, linali lozizira. Kukhitchini kunkamveka makapu. Anandikokera pafupi n'kulankhula motsitsa.

“A Telala, zimenezi zithere m'chipinda muno. Injiniya wanga asadzamve. Anasankha yekha kiyibodi ija m'sitolo, anayenda nayo ulendo wonse uja ataifungatira. Akadzadziwa sadzagonanso tulo.”

Nesi analowa ndi thireyi, n'kufunsa kuti tikunong'onezana chiyani ngati atsikana. Mayi ake anapukuta m'maso ndi dzanja lamanzere, n'kumuuza kuti tikukamba za nsalu, kuti za masiku ano sizichedwa kusuluka.