Chilimwe Chimene Atate Ankandiyang'ana Pakamwa

M'nyumba mwathu ku Mtendere munali mipando iwiri ya m'ndege, yolumikizana, ya nsalu yabuluu yothetheka m'mbali. Inali ndi malamba ake, ndi kabatani kamene ukakadina mpando unkagonera kumbuyo. Atate anabwera nayo pa kagalimoto ka amalume sabata imene kampani ya ndege ya boma inatsekedwa. Anzawo ena anatenga mabulangete, ena timbale ta pulasitiki. Atate anali atakonza mainjini kumeneko kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo mipandoyo ndiyo inali kutsanzikana kwawo.

Anakhala pakhomo dzinja lonse, akutidyetsa ndi amayi amene ankagulitsa salaula, zovala zakaunjika, kumsika wa Kaunda Square. Kenako kampani ina yaing'ono inachita lendi hangala, chishedi chachikulu chokonzeramo ndege, n'kuyamba kuitana amakanika akale. Inkakonza ndege za makampani a m'maiko oyandikana nafe, zambiri zokalamba, zina zonyamula katundu, zina zonyamula anthu ochepa. Atate anaitanidwa kumayambiriro kwa chilimwe. Ndinali mu giredi faifi, mtsikana wolongolola, ndipo ndinauza msewu wathu wonse.

Ntchitoyo sinali ngati yakale. Anthu ochepa ankagwira zimene kale linkagwira gulu lonse, ndipo ndege ikafika Loweruka, tsiku lopuma linkathera pomwepo. Zotseka m'makutu zinali zochepa, ankabwerekana. Amene wasowa ankafinya thonje n'kulowetsa m'makutu, n'kukaima pafupi ndi injini ikuyesedwa. Izi ndinazimva ndili wamkulu kwa amalume. Zimene ndinkadziwa nthawi imeneyo ndi fungo la palafini limene linkalowa m'nyumba atate asanalowe, ovolosi youma ndi thukuta kumsana, ndi girizi wakuda m'zikhadabo amene sopo ankamulephera. Ankakhala pansi osavula nsapato, n'kuyang'ana khoma nthawi yaitali.

Chilimwe cha chaka chimenecho chinali choopsa. Fumbi linkalowa m'mano, malata ankalira okha masana, ndipo pampopi mzere wa zigubu unkayamba tisanadzuke. Anthu onse anali otopa, kotero kusalankhula kwa atate sikunadabwitse aliyense. Wailesi yathu inayamba kumveka mpaka kwa aneba. Ndikawaitana ali chofulatira, sankatembenuka. Ndikalankhula nawo maso ndi maso, sankandiyang'ana m'maso koma pakamwa, mwakuti ndinkapukuta milomo poganiza kuti ndatsalira chakudya.

Aphunzitsi anandisankha kuti ndikanene ndakatulo pa tsiku la makolo. Anali mayi wamtali wosaseka, ndipo anandiphunzitsa kuima pakati pa ndakatuloyo, kupuma, n'kuyang'ana anthu ndisanapitirize. "Usathamange, leka mau akhale pansi," ankatero. Atate anapempha kuweruka masana kuti abwere. Anavala jekete la kutchalitchi m'kutentha konse kuja, n'kukhala pa benchi yakutsogolo penipeni, pamene ankakhala a komiti.

Ndinayamba bwino. Nditafika pamalo opumira paja ndinatseka pakamwa, n'kuyang'ana anthu monga anandiphunzitsira. Atate anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja, okha, mwamphamvu, ndi manja awo akuluakulu aja. Ana anaphulika kuseka. Makolo ena anagwira pakamwa. Atate anayang'ana uku ndi uku n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Ndinamaliza mbali yotsalayo mothamanga.

Pobwerera ndinayenda patsogolo. Atate anandipeza pa kantemba ka pakona n'kundigulira switi.

"Wakamba bwino maningi, mwana wanga."

"Nanga nakamba chani?" ndinawafunsa.

Anandiyang'ana pakamwa. "Vonse vinali bwino," anatero.

Lero ndikudziwa kuti anakhala kutsogolo kuja kuti awerenge milomo yanga, ndipo itatsekeka anaganiza kuti ndamaliza. Tsiku limenelo ndinangoona ngati sanasamale.

Patapita nthawi pang'ono kunamveka kuti kampani ina imene inkabweretsa ndege zake yalamula kuti amakanika onse akapimidwe maso ndi makutu. Amalume, amene anali alongo awo a amayi, anabwera ndi kabotolo ka mafuta kogula kumsika, kamene wogulitsa analumbira kuti kamatsegula makutu. Amayi ankawadonthezera atate m'mawa uliwonse, iwo atagoneka mutu pathebulo ngati mwana.

Lamlungu masana, titabwera kutchalitchi, amayi anatulutsa mpando wathabwa kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mpapaya. Atate anakhala moyang'ana mpanda. Amayi anaima kumbuyo kwawo ndi kapu yagalasi ndi kasupuni.

"Mukamvela, muimike kwanja," anatero amayi mokweza.

Anagogoda kapu ali pafupi. Dzanja linakwera. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kugogodanso. Dzanja linakwera mochedwa. Atafika pa chingwe choyanikira zovala anagogoda, n'kugogodanso mwamphamvu, koma atate anangokhala, khosi lili chilili, thukuta likutsikira mu kolala. Kenako amayi atatsitsa kale kapu, dzanja la atate linakwera lokha.

Ine ndinaseka. Ndinkaona ngati ndi masewera, ndipo ndinapempha kuti nanenso ndigogode. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinasiya kuseka.

"Nakhoza?" anafunsa atate osatembenuka.

Amayi anayenda mpaka pamene anakhala, n'kuwagwira paphewa. "Mwakhoza, batate bake. Tiyeni tichite futi."

Anabwereza zimenezi mpaka mthunzi unasuntha.

Tsiku lopimidwa atate anabwera dzuwa likadali pamutu. Anavula nsapato, chinthu chimene sankachita msanga, n'kukagona. Anapezeka kuti sakumva bwino, koma akuluakulu a kampani sanawachotse ntchito. Anawauza kuti asayandikirenso ndege injini ikulira, chifukwa munthu wosamva akachenjezedwa akhoza kufa kapena kuphetsa anzake. Poyamba ndinkadana ndi amene anagamula zimenezo. Pano ndimaona kuti sanalakwe kuwachotsa pafupi ndi injini. Analakwa kale, pamene ankawasiya kuimapo ndi thonje m'makutu.

Anawapatsa ntchito yotsuka matayala ndi kukolopa mafuta pansi m'hangala. Munthu amene ankamasula injini yonse n'kuibwezera, tsopano ankanyamula ndowa. Ankadzukabe m'mamawa, ovolosi yochapidwa bwino, n'kukadikira basi. Anyamata amene atate anawaphunzitsa kugwira sipanala ankabwera kudzawafunsa zinthu mobisa, akulankhula ndi manja. Mvula yoyamba itagwa, atate anasiya ntchitoyo okha. Anayala tebulo pafupi ndi pamene amayi ankagulitsira, n'kumakonza mapampu a njinga, masitovu ndi maloko. Sanapitenso ku bwalo la ndege, ngakhale kukaperekeza munthu.

M'miyezi imeneyo amayi anasintha. Mayi amene kale ankalankhula motsitsa, mwakuti makasitomala ankawerama kuti amve mtengo, anayamba kukuwa. Ankakuwa pondituma mchere, ankakuwa pouza amalume za maliro a kumudzi ku Katete, ankakuwa ngakhale popempherera chakudya. Nkhani iliyonse ya m'nyumba mwathu inkamveka panja. Azimayi pampopi ankanena kuti mavuto awasandutsa aukali, ndipo ine ndinkavomereza mumtima. Ndinkachita nawo manyazi, ndipo anzanga ndinasiya kubwera nawo kunyumba.

Madzulo amayi ankakhala pakhomo akumwa madzi ofunda, dzanja lili pakhosi, mau atasasa. Ndinkaganiza kuti ndi fumbi la kumsika. Sindinkatha kuona kuti amayi sankakalipira aliyense. Ankakweza mau kwa ife tonse, tsiku lonse, kuti atate amve zimene zikukambidwa m'nyumba mwawo popanda kupempha kuti tibwereze, ndiponso kuti pasapezeke munthu mmodzi yekha amene akulankhulidwa mokuwa.