Mabatani Awiri a Pambali

Pa shopu yosindikiza makadi aukwati ndi mapulogalamu amaliro ankamutcha Zalakhumi, chifukwa akakhala pa kompyuta manja ake ankathamanga osaoneka. Lamanja pa mausi, lamanzere pakona ya kiyibodi, likukopa, likumata. Ana ake onse anakulira manja amenewo, ndipo palibe anagonapo ndi njala.

Ndiye kunabwera sitiroko. Inamusiyira pakamwa ndi miyendo, koma dzanja lamanzere linangoti lende. Mwini shopu, munthu wosaipa mtima, anabwera kudzamuona.

"A Zalakhumi, mpando wanu ulipo. Mubwere Lolemba tidzaone. Koma zikakanika, mundimvetse, ndidzaikapo wina."

Atachoka, Zalakhumi anayang'ana dzanja lija pa bondo. Achibale ena anayamba kale zoti azingopuma. Amayi ake anawadula pakamwa: "Mwana wanga sanafe. Musamuyalire mphasa."

Mwana woyamba wa Zalakhumi, mphunzitsi, anabwera ndi mausi yokhala ndi mabatani awiri pambali, pamene pamagona chala chachikulu. Anaika pulogalamu yake pa kompyuta ya pabalaza, nauza batani lakutsogolo kuti lizikopa, lakumbuyo lizimata. Zimene linkachita dzanja lamanzere, tsopano chala chimodzi. Kenako anafufuta zonse.

"Konzani nokha, ababa."

"Iwe, wakonza kale, ukuphwasuliranji?"

"Munkandilembera homuweki inu? Yambani."

Anang'ung'udza, koma anakonza. Mwanayo anafufutanso. Mpaka bambowo anachita kumutcha wankhanza.

Lolemba anaika mausi ija m'thumba la jekete ngati dzira. Anzake anamulandira ndi phokoso: "Abwera a Zalakhumi!" Wodula mapepala anazindikira dzinalo litatuluka kale, nagwira pakamwa.

"Usadandaule," anatero Zalakhumi. "Zonse zilipo, zisanu zili pa holide."

Ntchito inali pulogalamu ya maliro a mayi wina, abale ake akudikira pa benchi. Analumikiza mausi, nasankha dzina la malemu, nadina batani lakutsogolo. Anapita pa tsamba lina, nadina lakumbuyo. Tsamba loyera mbee. Anadinanso. Zii.

Iye ankayesa kuti nzeru zija zinalowa m'mausi momwemo, wayenda nazo m'thumba. Kani zinatsala kunyumba, mu kompyuta ya pabalaza. Ya kuntchitoyi mabatani aja sinkawadziwa n'komwe.

Mwini shopu anali ataima kumbuyo kwake. "Mwina tiyese tsiku lina?"

Foni inali m'thumba, koma mwana wake anali m'kalasi.

"Bwana, mundilole ndiikemo kapulogalamu kamodzi."

"Ikani."

Anakafuna pa intaneti, akulemba ndi chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi, munthu amene kale kiyibodi inkamuopa. Makina odulira anasiya kulira. Kapulogalamuko katatseguka, chithunzi cha mausi chinaonekera, chomwe chija cha pabalaza. Lakutsogolo, kukopa. Lakumbuyo, kumata. Dzanja linakumbuka lokha.

Anadina. Dzina la malemu linatera pamalo pake, pansi pa chithunzi cha mayiyo.

Palibe anaomba m'manja, pakuti pa benchi panali anamfedwa. Bambo wamkulu mwa iwo analandira pepala loyamba, naliwerenga pang'onopang'ono, nati, "Mwamulemba bwino mlongo wanga."

Mwini shopu anabweretsa ntchito ina, ya ukwati, naiika kudzanja lake lamanja.

"Iyi akuifuna mawa," anatero, nabwerera ku kauntala.