Mpunga wa Achibale a ku Unguja

A Fakiri, telala wa pakhonde la sitolo ina pamsika wa Nkhotakota, anabadwira ku Nkhotakota, anakwatira komweko, ndipo mano awo onse amene anaguluka anagulukira komweko. Koma mukawafunsa kwawo, ankayankha osadzutsa mutu pa makina: "Ife kwathu ndi ku Unguja."

Unguja ndi chilumba cha Zanzibar. Kumeneko n'kumene kunachokera agogo a bambo awo, a Kalilu, amene anabwera ndi amalonda a Chiswahili kalekale n'kukwatira kuno. Za malondawo a Fakiri sankafotokoza. Chimene ankafotokoza ndi chitseko. Ankati nyumba ya a Kalilu ili ndi chitseko chosema, cha misomali yamkuwa, ndipo achibale akadali momwemo. Chitsekocho anali asanachionepo, koma chinkakula chaka ndi chaka.

Kasitomala akadandaula kuti kanzu, mkanjo wa amuna achisilamu, yafupika, ankauzidwa kuti ku Unguja amavala choncho. Akazi awo, a Asiya, akachulukitsa mchere, ankamva kuti ku Unguja sachita zimenezo. A Asiya, a ku Liwaladzi, amene kwawo kumafikika pa minibasi, ankangoti, "Tidzamva mukadzapitako."

Mwayi unabwera pamene mwana wawo Shamsa, wokwatiwa ku Mombasa, anabereka n'kuitana bambo ake kuti akaone mdzukulu. Mkamwini anakonza ulendo: basi mpaka ku Dar es Salaam, sitima yam'mawa kupita ku Unguja, ndege ya ku Mombasa madzulo ake. M'tauni yakale ya pachilumbapo akakhalamo theka la tsiku. Nkhani inawanda msika wonse, mpaka akabaza ankaimika njinga kudzatsazika. Tsopano zinali ziwiri: kubwerako ndi moni wa achibale, kapena kudzasowa poika nkhope.

Kwa achibale sapita chimanjamanja. A Asiya anapeta mpunga wa Faya, wonunkhira uja, n'kudzaza kathumba. A Fakiri anasoka okha kukamwa kwake.

Atatsika sitima anachita zimene mlendo waulemu amachita ku Nkhotakota: anapeza mthunzi, n'kukhala pansi kudikira kuti wina awafunse kuti ndi mlendo wa ndani. Kwathu kuno sukhala nthawi; amakufunsa, ukatchula dzina amakuperekeza mpaka pakhomo. Kumeneko amene anawayandikira anali wogulitsa magalasi a dzuwa. Atamutchulira a Kalilu, anafunsa ngati ndi hotela.

Ndiye analowa okha m'tinjira ta tauniyo, thumba lili paphewa. Tinjira take n'topanikizika, toti anthu awiri onenepa sangapatukirane mwamtendere. Zitseko zosema zinalipodi, vuto linali kuchuluka kwake. Anaodira pa china, inali hotela. Pa china anapeza azungu akujambula, ndipo mmodzi anawajambula iwo ndi thumba lomwe. Kwina mayi anasuzumira pawindo lam'mwamba n'kunena kuti Kalilu amene akumudziwa ndi wokonza mafoni, ndipo anabwera chaka chatha. Poyenda chonchi, diso lawo la utelala linaona kuti makanzu a kumeneko ndi aatali, ofika mu akakolo. Izi zinawawawa pazokha.

Adhana yoitanira anthu ku mapemphero a masana itamveka, analowa mumzikiti umene unali pafupi. Atatha swala anakhala pakhonde, mapazi atatupa, atataya mtima. Bambo wina wokalamba kuposa iwo, dzina lake Amiri, anawapatsa salamu n'kukhala pambali pawo. Chiswahili cha a Fakiri chinali chakale, koma ankamvana.

"Kwanu ndi kuti?" anafunsa a Amiri.

Yankho la moyo wawo wonse linafika pakamwa n'kubwerera. Sungauze munthu wa ku Unguja, uli ku Unguja, kuti kwanu ndi ku Unguja, nyumba osaidziwa.

"Ku Kotakota," anatero a Fakiri, kutchula Nkhotakota ndi dzina lake lakale.

A Amiri anatembenukira kwa iwo. "Kunyanja kuja? Agogo anga aakazi anali a kumeneko. Anabwera nawo amalonda ali kamtsikana, chingwe chili m'khosi. Kuno anawatcha Saida. Dzina lawo lenileni sanatiuze. Mpaka imfa yawo ankati kwawo ndi ku Kotakota. Mpunga wa kuno ankadya akuunyoza, amati sununkhira. Ife tinkawaseka, tinkati nkhalamba ikungopeka." Kenako anafunsa: "Nanga inu mukufuna ndani kuno?"

Dzina la a Kalilu, limene analitchula pakhomo lililonse m'mawa wonse, silinatuluke. Malonda a agogo awo ankawadziwa kuyambira kale, kungoti anali asanakhalepo mkeka umodzi ndi mdzukulu wa katunduyo. Anachita manyazi, manyazi enieni.

Anakokera thumba lija pafupi, n'kudula ulusi ndi mano otsala. A Amiri anatapa mpunga m'dzanja, n'kuufikitsa pamphuno. Anaununkhiza, mbewu zina zikugwera pa kanzu.

"Ndiye sankanama," anatero.

"Sankanama, bambo. Tengani wonse."

A Fakiri anakwera ndege yawo, anakaona mdzukulu, anabwerako. Tsiku limene anatsegula makina, pakhonde panadzaza anthu opanda chosoketsa. Wina anafunsa ngati achibale anapezeka.

"Mpunga unafika kwa eni ake," anayankha, akulowetsa ulusi pasingano.

Kunyumba a Asiya anafunsa za chitseko. Anauzidwa kuti zitseko ziliko, ndipo sanafunsenso. Mchere amathira mmene akufunira, palibe wodandaula. Makanzu a a Fakiri masiku ano amafika mu akakolo. Mlendo akabwera kudzasoketsa n'kuwafunsa kwawo, amaloza ndi sizasi, osadzutsa mutu.

"Kuseri kwa mzikiti uko, pamtengo wa mango."