Fumbi Lofiira pa Sutikesi ya Bambo

Amayi anga anali pankhondo ndi fumbi zaka zonse zimene ndinakulira ku Torwood, komboni ya kufupi ndi tauni ya Kwekwe, ndipo fumbi ndi limene linkapambana. Linkachokera ku fakitale ya zitsulo kumene bambo ankagwira ntchito pang'anjo, ndipo linali lofiira ngati katondo. Mphepo ikatembenukira kwathu linkagwa mwakachetechete pamalata, pamasamba m'dimba, m'tsitsi, ngakhale mu shuga wovundikira bwino. Ukamina, kansalu kankafiira. Ife ana sitinkadandaula, poti mpweya wina sitinkaudziwa.

Tsiku lochapa, amayi sankayamba ndi kutunga madzi. M'mamawa ankatenga mbale yoyera yachitsulo, yobenthuka m'mphepete, n'kuiika padenga la khola la nkhuku. Tikamaliza kumwa tiyi ankapita kukaipititsa chala. Chala chikabwera choyera, tinkachapa mothamanga n'kuyanika panja. Chikabwera chofiira, zovala zinkayanikidwa m'nyumba, pachingwe chochokera pachitseko kukafika pazenera, ndipo tsiku lonse tinkayenda chowerama. Chovala chimene chinkawasowetsa mtendere chinali bulauzi yoyera ya amayi a mpingo, yovala Lachinayi. Ankainyika, kuithira buluu, kuisita mpaka thukuta kamukamu, koma pofika kutchalitchi kolala inali itayamba kale kuoneka ngati yaviikidwa mu tiyi.

Bambo utsi ankaukonda, ndipo sankabisa. Anachoka ku Malawi ali mnyamata, anabwererako kamodzi kokha kukakwatira amayi, n'kuwalonjeza kuti kuno akhala zaka zochepa basi. M'mawa uliwonse ankaima pageti kuyang'ana machumuni, ndipo akaona onse akufuka nkhope inkawala ngati munthu woona chimanga chake chitamasula. Ankakhulupiriranso ndi mtima wonse kuti utsiwo ndi umene unkaitana mitambo. Ankati a kumapulazi a ku Gweru amakolola chifukwa cha iwo, kungoti sathokoza. Kuntchito ankawapatsa zophimba pamphuno, koma chawo chinkangolendewera m'khosi. Ankati pang'anjo chimabanikitsa, komanso anthu amachita kukafola kuchipatala kuti alandire mapiritsi owonjezera magazi, pamene iwo chitsulocho ankachipuma chaulere.

Kenako anayamba kutsokomola, chifuwa chouma chosamva mandimu kapena masamba a bulugamu. Tsiku lina masana amayi anatsitsa mbale ija n'kukaiika pamiyendo pa bambo.

"Bambo a ana, taonani. Izi zagwa kuchokera m'mawa mpaka pano basi. Nanga m'chifuwa mwanumo, zaka zonsezi?"

"Aikona, mayi," anatero bambo. "Walira mvula walira matope. Guruva, fumbi lomweli, ndi limene limadzaza mbaleyi ndi chakudya."

"Pakadafunda padajiwitsa galu. Tiyeni kwathu mukadali ndi mpweya wokwerera basi."

"Mangwana tidzaona."

Mangwana ameneyo, mawa la bambo, tinamumva kambirimbiri. Koma chaka chimene chifuwa chinawagoneka sabata yathunthu, anadzuka n'kukwera kombi, minibasi ya kuno, kupita ku Kwekwe, ndipo anabwerako ndi sutikesi yaikulu yabulauni. Anaikweza pamwamba pa wadiropu. Amayi analumbira kuti saigwira mpaka tsiku lonyamuka, kuopa kuti angailaule, ndipo sabata imeneyo ankasesa akuimba.

Ine ndinachita mantha. Ndinali mtsikana wa ku sekondale, anzanga onse anali a ku Torwood ndi ku Rutendo, ndipo Chichewa changa chinali chothyokathyoka. Kuno ankatinena kuti Mabhurandaya, dzina lonyozera ochokera ku Malawi, inde, koma ndinkadziwa kuti uko ndikakatsegula pakamwa akanditcha mwana wa mtchona. Kwawo kwa amayi sikunali kwathu kwa ine. Sutikesi ija ndinkaiyang'ana ndi diso loipa.

Masiku omwewo aphunzitsi athu a jogalafe, mayi wamfupi wosakonda kuseka, anatiphunzitsa za mitambo. Anati nthunzi ya madzi ikakwera kumwamba siingasanduke dontho popanda pogwira. Dontho lililonse la mvula limayambira pakanthu kakang'ono kouluka mumpweya, kaya kafumbi, kaya kamwaye. Ndinatsala pang'ono kudumpha pampando, poti bambo anga osaphunzira aja ankanena zoona. Koma aphunzitsi sanathere pomwepo. Anati utsi ukachuluka, madzi omwewo amagawikana patinthu tambirimbiri, timadontho timachepa mwakuti sitilemera n'kugwa, ndipo mtambo ukhoza kudutsa osavumbwa. Anati utsi wotere umatchinganso dzuwa, tsiku n'kukhala lachimbuuzi. Pomaliza anati fumbi limene timaliona ndi maso ndi locheperako ukali. Loopsa ndi losalala kwambiri, losaoneka, limene limatsika mpaka pansi pa mapapo, ndipo palibe kutsokomola kumene kumalitulutsa. Atanena zimenezo anatiyang'ana ife ana a anthu a pang'anjo, n'kutembenuka kukafufuta pabolodi.

Nditafika kunyumba ndinapeza bambo ali pakhonde ndi anzawo awiri, amayi akusankha nyemba chapambali. Ndinafotokoza mokweza, kuti aliyense amve, kuti mvula siingagwe popanda fumbi. Bambo anawomba m'manja mpaka kutsamwa.

"Mwamva, mayi? Shuwa, mwana wa sukulu uyu! Ndikachoka ine pang'anjo, chigawo chonse cha Midlands chiuma gwa!"

Amayi anakweza mutu n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Ndi zokhazo zimene anena aphunzitsi?"

"Ndi zokhazo," ndinatero.

Ndinanama, ndipo ndinanama dala. Sindikunena kuti bambo anakhala chifukwa cha ine, poti munthu wamkulu sasiya ulendo chifukwa cha phunziro la mwana. Koma mwezi umenewo sitinanyamuke, wotsatira wake sitinanyamukenso, ndipo amayi akangoyambitsa nkhani ya kwawo bambo ankaloza ine, mboni yawo. Ndinkamwetulira kunja kokha.

Fakitale sinafe tsiku limodzi. Chumuni imodzi inaleka kufuka, patapita nthawi inanso, mpaka hutala yoitana anthu ku shifiti inakhala chete. Pamenepo n'kuti ndili pabanja, ndikukhala ku Kwekwe. Nditapita kukawaona makolo ndinadabwa kuona kuti mapiri akutali aja ali ndi mitengo yoti n'kuiwerenga. Kumwamba kunali kobiriwira mochititsa manyazi. Dzuwa linkalowa lotumbuluka, osati lofiira psuu monga tinazolowera. Mbale ya pakhola inkakhala tsiku lonse osadetsedwa, mpaka amayi anayamba kumwetseramo anapiye. Ndipo anthu anabalalika, ena ku Joni, ena kumaenje a golide ku Silobela. M'misewu mmene munkadzaza amuna a maovolosi ofiirira munatsala agalu ndi nkhalamba.

Bambo anali mmodzi wa nkhalambazo, ngakhale zaka zawo sizinali zambiri. Kuchoka pakhonde kufika pageti ankapuma kawiri. Chaka china mvula inavuta, iwo n'kunena kuti ndi chifukwa choti utsi kulibe. Chaka chotsatira inagwa yambiri mpaka kugwetsa khola la nkhuku, ndipo pa zimenezo sananenepo kanthu. Ulendo wa ku Malawi panalibenso woutchula, poti munthu wolephera kufika pageti sangapirire masiku awiri m'basi.

Masana ena tili awiri ndi bambo pakhonde, iwo akuyang'anabe machumuni ozizirawo, ndinawauza zonse zimene aphunzitsi ananena tsiku lija, ndi zimene ndinabisa. Ndinkalira ngati mwana. Iwo anaseka, kuseka kwake kosanduka chifuwa, ndipo atapeza mpweya anandigwira padzanja.

"Iwe mhani, unkayesa sindinkadziwa? Chifuwachi n'changa. Iwe unkaopa kupita. Ine ndinkaopa kukafika ndi sutikesi imodzi, anzanga atamanga nyumba za malata."

Mawu amenewo sanandimasule kwenikweni. Amayi anali atandifunsa funso lolunjika, ndipo amene ndinawanamiza anali iwo.

Bambo atamwalira, tinawaika konkuno, m'dothi la eni. Amayi a mpingo anabwera ndi yunifolomu, ndipo bulauzi ya amayi anga tsiku limenelo inayera mbee, kuyera kumene anakufunafuna moyo wawo wonse. Ndinadana nayo. Titabwerera kumanda anaivula, kuipinda, n'kunena chapansipansi kuti, "Yayera tsopano. Ndiionetse ndani?"

Lero fumbi la ku Kwekwe ndi lotuwa, la malole ndi zigayo za miyala ya golide, ndipo ndimakalipira ana anga akamasewera m'menemo. Ndikudziwa bwino chimene fumbi limachita. Koma m'chilimwe, anthu akatentha tchire utsi n'kudzaza kumwamba, dzuwa limalowanso lofiira ngati kale, ndipo ine ndimaima pakati pa njira ndi katundu pamutu ngati chitsiru. Ndimalakalaka hutala ija, phokoso la majombo pamsewu, bambo akukutumula chipewa pageti asanalowe. Ndimasowa chinthu chimene chinandiphera bambo anga, ndipo ndilibe amene ndingamuuze osandiyesa wamisala.

Chilimwe chathachi ndinapita ku Torwood kukathandiza amayi kukonza m'nyumba, poti miyendo yawo siilolanso kukwera pampando. Linali Lachinayi, ndipo iwo anali atavala kale bulauzi yawo kudikira anzawo. Ndinakwera ndi chiguduli chonyowa kuti ndipukute pamwamba pa wadiropu, n'kupeza sutikesi ija ili pomwe bambo anaisiya, zogwirira zake zikadali zokulungidwa m'pepala la kusitolo. Pamwamba pake panali fumbi lotuwa, lochindikala. Ndinapititsapo chala, ndipo pansi pa lotuwalo panatuluka lofiira.

"Usapukute," anatero amayi kumbuyo kwanga. Mawu amenewo anachokera kwa munthu amene anandikwapulapo chifukwa chosiya fumbi pazenera. "Tsika ndione."

Ndinatsika n'kuwaonetsa chala. Pamenepo pakamwa panga panatseguka pokha, ndipo ndinawauza kuti tsiku lija aphunzitsi ananena zambiri, ine ndinabisa.

"Ndinadziwa pomwepo," anatero. "Unkayang'ana nyemba m'malo moyang'ana ine."

Anagwira chala changa chija, kuchiyang'anitsitsa pafupi ndi maso awo ofookawo, kenako anachipukutira pakolala ya bulauzi yawo. Panatsala kamzere kofiira. Anzawo atagogoda pageti, anatenga buku la nyimbo ndi ndodo, n'kutuluka kupita kutchalitchi ali choncho.