Mpweya Wanga M'dzina la Amalume

Zonsezi ndinaziyamba ndine, ndipo musadikire kuti ndipepese. Atandichotsa sukulu ndili Fomu 2, chifukwa choika chule m'kabati ya ahedi, ndinaganiza zotsatira amalume ku Lilongwe, kumene ankamanga likulu latsopano. Amayi anangoti, "Pita, mwina fumbi likakuphunzitsa ulemu."

Tinkagona ku Old Town m'kachipinda konunkha nsapato, m'mawa n'kukwera lole kupita ku City Centre. Ine ndinkatsitsa matumba a simenti, amalume ankathirira njerwa. Malipiro oyamba ndinatumiza sopo kwathu, zotsala zinathera mandasi. Lamlungu ndinkasowa wocheza naye, ndinkangozungulira ku Area 11 kuonerera agalu onenepa kuposa ine.

Tsiku lina kunabwera dokotala ndi makina oyeza mapapo, akuti akufuna kudziwa mpweya umene wantchito wabwinobwino amatulutsa. Paipi inali imodzi, tonsefe kuikapo milomo: malovu a fodya, fungo la kachasu, usipa wadzulo.

Amalume ankatsokomola ngati galimoto yokana kulira. Anandinong'oneza, "Mphwanga, akangomva za m'chifuwamu, ntchito yatha."

Msinkhu tinali ofanana, ndipo simenti inkatituwitsa tonse ngati mizukwa. Ndinavala ovolosi ndi chipewa chawo, ndinayankha dzina lawo, n'kuuzira mpaka singano inagunda kumapeto.

"Akuluwa ndi ng'ombe!" anatero kapitao.

M'mawa mwake, poti zinalembedwa kuti ali ndi mapapo olimba, amalume anawachotsa ku njerwa n'kuwaika m'shedi yosakanizira simenti, momwe fumbi limaphimba munthu ali pafupi nawe. Sanakhalitse. Anagwa akulavula zotuwa, ndipo atawayezanso singano inangogwedezeka pang'ono. Chinyengo chathu chinaululika, tonse awiri anatikweza basi ya kwathu ku Ntchisi.

Ndinkayesa kumudzi akadabwa. Kudabwa chiyani? Ndinapeza kuti makomo ambiri ali ndi bambo wochokera kumigodi ya ku Joni, aliyense ndi kachitini ka makhololo pansi pa bedi. Ndinakulira m'phokoso la chifuwa chimenechi n'kumati ndi ukalamba. Anthu anangoti, "Nawonso abwera nacho," n'kuwayalira mphasa padzuwa.

Amayi anagamula mlandu ataimirira: "Iwe wa mapapo abwinowe, kachitini ka amalume ako uzikataya ndi kukatsuka m'mawa uliwonse."

N'konyansa, sindikana. Koma ndimakavindikira ndi mbale yoyera, n'kudutsa nako mwaulemu pamene pakhala atsikana otunga madzi, n'kuwafunsa:

"Alongo, simulawako ndiwo za ku likulu?"