Mowa amwa bwana, m'chitokosi agona dalaivala

Lolemba m'mawa ndikuchoka pa shifiti kuhotela imene ndimagwira ku Al Dafna, kuno kudziko la Aarabu, foni inalira. Anali Mayi Asiyatu, mnzanga wa ku Mangochi amene amagwira ntchito za m'nyumba ku Al Waab.

"Achimwene, Che Saidi ali kupolisi kuyambira Lachisanu. Akuti asaine pepala la Chiarabu. Chonde pitani mukawaone."

Che Saidi ndi mlongo wawo, dalaivala wa banja lina lochokera kunja ngati ife tomwe. Munthu wa swala zisanu, mowa sanaulawepo chibadwire.

Ndinawapeza atakhala pabenchi, masiki ili pachibwano, maso ali gwa pansi. Nkhani anandiuza motere. Lachisanu masana anaperekeza bwana wawo kuhotela kukadya ndi anzawo, malo odyera atangotsegulidwanso pambuyo potsekedwa chifukwa cha mliri. Bwanayo anatuluka akudzandira n'kulanda makiyi. "Galimoto ndi yanga, khala uko." Sanapite patali. Pa raundabauti anagunda mnyamata wa njinga yamoto, mmodzi wa awa amene atidyetsa mliri wonsewu potibweretsera chakudya pakhomo. Mwendo unathyoka pawiri.

Munthu ali kubuula pamsewu, bwana anatembenukira kwa Che Saidi. "Yalla, fulumira, tisinthane mipando. Iwe sunamwe, akusiya msanga. Loya ndikupezera ine."

Che Saidi anasintha mpando.

Loya anabweradi, wa suti yonyezimira. Pepala limene anabweretsa linkanena kuti woyendetsa anali Che Saidi. Ndinapempha wapolisi kuti atiwerengere m'Chingerezi, ndipo atamaliza ndinafunsa, "Che Saidi, loya ameneyu akuimira ndani?"

"Bwana anati ndi wanga."

"Anamuitana ndani? Akumulipira ndani?"

Iwo anati, "Nanga ndikakana, chiphaso changa chokhalira kuno? Ana anga adya chiyani?"

Ndinatuluka panja ndili ndi ukali. Akale ankati nkhuyu zodya ana zinapota akulu. Kuno zodya bwana zikupota wantchito.

Lamulo la dziko lino pa mowa ndi chiwongolero silinyengerera. Kwathu timakangana kuti ndangomwa awiri okha, galimoto ikudziwa njira. Kuno ngakhale kafungo ndi mlandu: chindapusa chowawa, ndende, ndipo kwa mlendo mwina ndege yobwerera kwanu osadzapondanso. Bwana uja ankazidziwa bwino zonsezi. N'chifukwa chake anafuna msana wa munthu wina woti asenzerepo. Anayang'ana bambo wa ana anayi, amene wamutsegulira chitseko zaka zonsezi, n'kuona chishango.

Che Saidi sanasaine. Lachitatu anapempha womasulira n'kunena zoona zokhazokha. Apolisi anakaona makamera a pamsewu, ndipo anaonetsa anthu awiri akuzungulira galimoto kusinthana malo. Bwana anamangidwa. Loya wa suti uja tsopano akuimira amene ankamuimira kuyambira pachiyambi.

Musaombe m'manja msanga. Che Saidi atuluka, koma ntchito yatha, katundu wawo anamupeza pageti m'majumbo, ndipo akuyembekezabe kuyankha za bodza limene ananena tsiku loyamba. Akugona pansi kwa mnzawo ku Najma.

Ndi ku Najma komweko kumene mkwiyo wanga unasefukira. Tili pa shopu ya tiyi, bambo wina wachikulire amene wakhalitsa kuno anapukusa mutu. "Akanangovomera, khalasi, nkhani n'kuthera pomwepo. Miyezi ingapo m'kati, bwana akanawakumbukira. Kuno ndi kwa eni, sitilimbana ndi mabwana."

Ena awiri anavomereza.

Ndinawayankha mwaulemu, poti ndi akulu, koma pano ndinena mosabisa. Bambo, malangizo amenewo ndi poizoni. Bwana amene wasiya munthu akubuula pa tala n'kuyamba kuganiza za mipando, ameneyo ndi wokumbukira dalaivala ali m'ndende? Ndipo mukuti ana a Che Saidi akamve kuti bambo awo anapundula munthu, pamene dzanja lawo silinali pachiwongolero?

Chowawa china n'chakuti malamulo a ntchito anasintha. Lero ukhoza kuchoka kwa bwana n'kupita kwa wina popanda kalata yake yokuloleza. Che Saidi anamvapo mphekesera chabe, sanakhulupirire. Lamulo lasintha papepala, koma mantha athu akadali akale aja. Pa magulu athu a pafoni timatumizirana mitengo ya matikiti ndi nyimbo za maliro. Ndani analembapo kuti usasaine chimene sunachimve, kuti uli ndi ufulu wopempha womasulira, kuti loya wa bwana si loya wako?

Mnyamata wa njinga uja akadali m'chipatala, zitsulo zili m'mwendo. Pa shopu ya tiyi palibe anafunsa dzina lake. Inenso, ndivomere, sindinalifunse.

Inu amene mukuwerenga muli m'basi ya kampani, kapena m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana: tsiku limene adzakutembenukireni, mpweya ukununkha mowa, n'kunena kuti tisinthane mipando, mudzatsegula chitseko?