Makina Osokera Ofunda Zitenje

Ndili Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi minda ya tiyi ku Khonjeni, boma linatumiza makina osokera kuti tiphunzire utelala. Makinawo anabwera ndi lamulo lakuti alangizi a zamaphunziro azidzawayendera, ndipo sukulu imene idzawawononge sidzalandiranso thandizo.

Aphunzitsi athu a zosoka anali mayi osamala kwambiri. Poopa kuti tingathyole kanthu, anatsekera makinawo m'chipinda cha mabuku n'kuwafunditsa zitenje. Kudula malaya tinkaphunzirira pa nyuzipepala, ndipo kupalasa tinkayeserera kunsi kwa desiki, mapazi ali m'malere. Ine ndinkafunitsitsa kudziwa kusoka, chifukwa mayi anga ankathyola tiyi, ndipo m'chilimwe ntchito ikachepa pakhomo pankavuta.

Tsiku lina mnzanga anafunsa kuti, "Madamu, kodi makinawa ndi akwatibwi? Tidzawavundukula liti?"

"Alangizi ayambe adutsa, ana inu," anayankha motero aphunzitsiwo.

Alangizi anabweradi chakumapeto kwa chaka. Atavundukula zitenje zija anapeza makina akunyezimira, ena asanachotsedwe n'komwe mapulasitiki. Anayamikira kasamalidwe kake, kenako anagamula kuti ophunzira a pasukulu pathu alibe chidwi ndi luso la manja. Sabata yotsatira galimoto inadzatenga makinawo n'kupita nawo kusukulu ina ya cha ku Makwasa.

Ndinamaliza Fomu 4 ndisanapalasepo makina. Mpaka lero kuno ku koleji, malaya anga akang'ambika ndimasoka pamanja.